Kusamutsa Anthu a Malume

Sendezani mipando kuno, makalawa asapse pachabe. Magetsi awa sabwera msanga, ndikuwadziwa. Ndipo popeza sabata yonseyi mwakhala mukundiseka kuti Ndaziona amayamba walankhula ndi kompyuta asanasamutse mafayilo, lero ndikuuzani chiyambi chake. Mukamva museke bwino, ine mphamvu zokangana nanu ndilibe.

Amalume anga, a Lameki Kamphonje, anali mphunzitsi wopuma kwathu ku Dowa, kuseri kwa Mponela. Anzawo atapuma ntchito ankaweta nkhumba kapena kuswera pabawo. Iwo anasankha manda. Manda a kwathu ndi akale, ziliza n'zowerengeka, ambiri ndi mitumbira chabe imene mvula inaisalaza kalekale. Chaka china adzukulu, anthu okumba manda aja, anakumba pamalo ooneka bwinobwino n'kupeza kuti pali munthu kale. Amalume zinawapweteka kwambiri. Anayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa nkhalamba kuti uje anagona pati, nanga pambali pake pali yani. Zonsezo ankazilemba m'chikompyuta chawo chachikale, chija cha sikirini yamimba ngati mtsuko. Munthu aliyense anali ndi fayilo yake: dzina, chaka, ndi amene anayandikana naye. Mafayilowo ankawatchula kuti "anthu anga".

Mwana wawo wa ku Joni anawatumizira laputopu yatsopano, koma iwo sanaitulutse n'komwe m'katoni. Ankangondiimbira ine.

"Ndazi, udzabwere undisamutsire anthu anga. Chikompyutachi chatopa, chikumazima chokha."

"Mwezi wamawa, amalume."

Inu ntchito yathuyi mukuidziwa. Tsiku lonse kusamutsa mafayilo a mabwana, kufufuza maimelo a anthu oiwala mapasiwedi awo, ukafika kunyumba sufunanso kuona sikirini. Mwezi wamawa uja unakwana kasanu ndi katatu. Kenako Lachitatu lina m'mawa foni inalira, nambala yake ya amalume, koma mawu a akazi awo, a Nankhoma. Anangoti, "Bwera, amalume ako atisiya." Atapuma pang'ono anawonjeza kuti, "Ndipo utenge zida zako. Adzukulu akana kukumba mpaka aone zimene analemba."

Amalume anali atanena kale kuti adzawaike pafupi ndi amayi awo, agogo anga a Velina. Koma mbali iti, ndipo pali malo kapena ayi, zonsezo zinali m'chikompyuta chotopa chija.

Ndinanyamuka ndisanagone bwino masiku awiri. Unali mwezi wa Juni, mphepo yake ija yolowa m'mafupa. Wakabaza ananditsitsa pamene panayalidwa masamba pamsewu, chizindikiro cha maliro, ndiye kotsalako ndinayenda pansi, chikwama kumsana. Njira yachidule imadutsa m'mphepete mwa msitu wa kumanda. Dzuwa linali litapendeka, cha m'ma 3 koloko.

Pamenepo ndinapeza mayi wina atakhala pachitsa, atafunda chitenje mpaka pamphuno. Anali atabereka mwana kumbuyo, koma kamtolo kake kanali kakang'ono kwambiri, kongotukumula nsalu pang'ono. Ndinapereka moni ndikuyenda.

"Ndaziona," anatero, "wafika tsopano?"

"Ndafika, mayi."

"Wachedwatu."

Ndinangoti eya, n'zoona. Pamaliro aliyense amakudziwa, iwe osamudziwa, ndiye sindinadabwe.

"Posamutsapo uyang'ane bwino," anatero. "Ena ndi aang'ono."

Ndinavomera monga mmene umavomerera munthu wamkulu ukatopa. Nditayenda pang'ono ndinaganiza kuti mwanayo sanagwedezeke n'kamodzi komwe, ndi mphepo yonse ija. Ndinafuna kucheuka, koma khosi linkandiwawa ndi chikwama, ndinangopitirira.

Kunyumba azibambo anali atakhala panja, azimayi akuimba nyimbo m'chipinda chochezera momwe munali bokosi. Ndinalowa, ndinalira pang'ono, koma misozi yeniyeni inakana. A Nankhoma anandigwira dzanja n'kundilowetsa m'kachipinda ka kuseri kumene amalume ankagwirira ntchito. Chikompyuta chinali patebulo atachifunditsa nsalu yoluka. Laputopu inali pansi pa tebulo, tepi ya pakatoni isanadulidwe. Nditaiona katoniyo ndi pamene ndinamva manyazi.

Ndikulumikiza mawaya, a Nankhoma anaima pakhomo osachoka.

"Wawauza?" anandifunsa.

"Ndani, mayi?"

"Anthuwo. Amalume ako ankati tsiku lowasamutsa adzayamba awauza. Kale mudzi ukamasamuka, akuluakulu ankapita kukanena kumanda kuti tiyeni, tikusamuka, asatsale wina. Iwo ankati ndi chimodzimodzi."

"Mayi, awa ndi mafayilo chabe."

"Chabwino, wodziwa ndiwe," anatero, n'kubwerera kwa azimayi.

Sindinanene mwachipongwe, komabe ndinanena. Mutu unkandiwawa ndipo ndinkafuna ntchito ithe.

Chikompyuta chinayaka pa ulendo wachitatu. Sikirini inkathwanima, mbali imodzi yobiriwira. Chikangotentha mphindi makumi awiri chinkazima, ndiye umayenera kuchipepesa ndi chikatoni, kuchikupiza mpaka chizizire. Ndipo mkati mwake munkamveka kaphokoso. Mafani akale ndawamva ambiri, ena amakhosomola, ena amalira ngati chigayo. Aka kanali kena. Kankamveka ngati khanda limene latopa kulira, latsala n'kudandaula kokha. Kankayamba, kusiya, kuyambanso. Ndinati ndi fumbi, ndinauzira kuseri kwake, koma sikanasiye.

Nditatsegula ndinagwira mutu. Amalume anali munthu wadongosolo pamapepala, koma pakompyuta ayi. Foda ina "Akulu", ina "Ana", ina "Alendo", ina "Zina", inanso "Zina zenizeni". Onse pamodzi mafayilo 214. Ndinati izi ayi, adzukulu sangadikire kuti ndizitsegula foda ndi foda. Ndinaganiza zowathira onse m'foda imodzi pafulashi, kuti palaputopu ndizingolemba dzina, munthu n'kutulukira.

Ndinatulutsa fulashi yanga n'kuiika pafupi ndi kiyibodi. Chikompyuta chinazima. Ndinapita kukhitchini kukapempha madzi akumwa, pobwera fulashi palibe.

Ndinafufuza pansi, m'thumba, m'chikwama, ngakhale m'nsapato. M'kachipindamo simunalowe munthu, chifukwa pakhomo pake panali patakhala azimayi awiri akusenda nyemba, ndipo analumbira. Nditatsala pang'ono kulira ndi ukali ndinakoka kabati ya tebulo, imene ndinali ndisanaitsegulepo. Munali zolembera zakutha, mandala akale, ndi kachipewa ka khanda koluka ndi ulusi wachikasu. Fulashi inali m'kachipewamo.

Ndinakaonetsa a Nankhoma. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Aka anakatenga pa katundu wa mayi ako, a Esinati, atamwalira. Mwina kanali kako."

Amayi anga anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Nkhope yawo ndimaidziwira pachithunzi, mawu awo ndinawaiwala. Ndinakaika kachipewako m'thumba la juzi, n'kudziuza kuti fulashiyo ndinaiponyamo ndekha chifukwa cha tulo.

Ndinayamba ndi "Ana", inadutsa. "Alendo" inadutsa. "Zina" zonse ziwiri zinadutsa, ndikukupiza chikatoni ndi dzanja limodzi. Pomaliza "Akulu". Kamzere kobiriwira kanayenda mpaka pakati, kenako kanaima. Kaphokoso kaja kanakwera. Kompyuta inandifunsa, m'Chingerezi chake chija, kuti fayilo ya dzina lakuti Velina ilimo kale, kodi ndifafanize yakaleyo kapena ndisunge zonse ziwiri?

Funso limeneli ndimaliyankha kangati patsiku, inu ndinu mboni. Nkhalamba pakompyuta zimasunga chinthu chimodzi kawiri katatu. Agogo a Velina ndi amodzi, zimenezo ndinkazidziwa. Chikompyuta chinali chitayamba kununkha kutentha. Ndinadina kuti ifafanize.

Kaphokoso kaja kanasiya nthawi yomweyo. M'kachipindamo munangoti zii, moti ndinamva nyemba zikugwera m'beseni kuseri kwa chitseko. Ndinasangalala, ndinati fumbi lachoka.

Nditathira zonse palaputopu, pansi pa foda panalembedwa 213. Ndinaona. Sindikunamizani kuti sindinaone. Ndinangoti ndi chibwereza chija, basi.

Dzuwa likulowa ndinatuluka ndi laputopu kukakumana ndi mkulu wa adzukulu, a Binisoni, bambo wamtali wosakonda kulankhula. Tinaima kuseri kwa nkhokwe, ndinatsegula fayilo ya agogo n'kuwawerengera.

"Velina, amayi anga. Anagona mapazi asanu ndi limodzi kuchokera pamtengo wa muwanga. Mbali ya kumtunda kuli a Yobu, achimwene awo. Mbali ya kudambo, onani Velina."

"Onani Velina?" anafunsa a Binisoni.

"Ukalamba, bambo. Fayilo ya Velina ikuti onani Velina. Anasokoneza polemba."

Ndinalemba dzinalo pofufuzira kuti aone okha, panatuluka fayilo imodzi yomweyo. Ndinafufuza muwanga, ndinafufuza kudambo, sipanatuluke wina wogona pamenepo.

"Ndiye kuti mbali ya kudambo kulibe munthu?"

"Kulibe."

"A Kamphonje sankasokoneza kawirikawiri," anatero, akukanda chibwano. "Koma mwawerenga ndinu. Tiyamba kukangocha."

Nditabwerera m'kachipinda ndinakumbukira maimelo. Amalume ankagwiritsa ntchito pulogalamu yakale ija yosunga makalata m'kompyuta momwemo, ndipo adiresi yawo inali itafa kalekale. Osawatulutsa m'chikompyutamo, apita nacho limodzi. Ndinangogwira mausi, magetsi n'kuzima. Kunena zoona ndinathokoza. Ndinazimitsa swichi ya pakhoma, ndinayala chitenje pansi, ndinagona osavula nsapato, nyimbo za azimayi zikumveka kutali.

Chinandidzutsa ndi kaphokoso kaja. Kunja kunali kutayera, atambala akumalizitsa. Magetsi anali atabwera ndipo chikompyuta chinali chiyakire, sikirini yake osathwanima ngakhale pang'ono. Ndinayang'ana swichi ya pakhoma, inali yoyatsa. Mwina a Nankhoma anayatsa pofuna kutchaja foni. Sindinawafunse, mpaka lero sindinawafunse.

Pulogalamu ya maimelo inali yotsegula, pa makalata amene analephera kupita. Munali imodzi yokha, yolembera ine, ya miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Amalume anadina kuti ipite, koma intaneti yawo inali itatha, ndipo iwo ankaganiza kuti inafika. Ndinaiwerenga nditagwada pansi, ndipo ndimaikumbukira yonse.

"Ndazi mphwanga, pobwera kudzasamutsa anthu anga usamale ndi Velina, alipo awiri. Wamkulu ndi agogo ako, ali m'foda ya Akulu. Wamng'ono ali m'foda ya Ana. Ameneyo ndi mkulu wako, mwana woyamba wa mayi ako. Anakhala masiku anayi okha, anamwalira asanatuluke m'chikuta, ndiye anakamuika azimayi okhaokha mwakachetechete monga mwa mwambo, amuna osadziwa malo. Dzina anali asanamupatse pagulu, koma mayi ako anali atamutcha kale Velina mumtima mwawo. Anapempha azimayiwo kuti amuike pafupi ndi agogo ake, mbali ya kudambo, kuti asakhale yekha. Azimayi amene anapitawo onse anatha. Mayi ako anandiuza akudwala, ndi kundipatsa kachipewa kake. Zonse zimene anandiuza za mwanayo ndinalemba m'fayilo yake, masamba atatu, udzawerenge wekha. Pamalopo pamaoneka ngati palibe kanthu, koma pali munthu. Ine mudzandiike kumapazi kwa amayi."

Ndinathamangitsa mausi kuti nditsegule foda ya "Ana" m'chikompyutamo, chifukwa fayilo yeniyeniyo inali idakali mmenemo. Foda inatseguka, maina anayamba kutsika. Ndinaliona dzinalo, Velina, pansi penipeni. Ndisanalidine kunamveka kuti thu, kautsi kanatuluka kuseri, sikirini inada. Chikompyuta chija sichinayakenso. Pambuyo pake ndinachotsa hadi disiki yake n'kuyenda nayo kwa akatswiri atatu kuno kutauni, onse anangopukusa mutu.

Koma m'mawa umenewo za disiki sindinaziganize. Ndinakumbukira makasu.

Ndinathamanga, ine amene masitepe a ofesi ino ndimakwera mopuma kawiri. Ndinadutsa azibambo akuwotha moto, ndinadutsa dimba, mame akunyowetsa siketi. Pachitsa paja panalibe munthu. Ndinaima m'mphepete mwa msitu, chifukwa munthu wamkazi salowa adzukulu akamakumba, n'kuyamba kukuwa.

"A Binisoni! Musakumbe! A Binisoni!"

Sindinamve khasu ngakhale limodzi. Ndinati amaliza kale, kapena apeza chimene apeza. Kenako a Binisoni anatulukira pakati pa mitengo, akuyenda pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja.

"Tikudikira inu," anatero.

"Mwakumba?"

"Khasu limodzi lokha. Langa."

Ndinawauza zonse, mawu akudukaduka. Anamvetsera osandidula, ndipo sanaoneke odabwa. Nditamaliza ndinawafunsa chimene chinawaimitsa.

Anayang'ana kumbuyo kaye. "Titafika kunali kusanache bwino. Ndinayeza malo, ndinaponya khasu kamodzi. Ndikulikweza kachiwiri, munthu wamayi analankhula kuseri kwa muwanga. Sitinamuone bwino, anafunda chitenje. Anati, dikirani pang'ono, mwana wanga akubwera."

"Anali ndani?"

"Anzanga akuti mwina ndi wina wa pamaliro anasochera." Anapotokola chipewa chija. "Ine Esinati ndinakula naye, tinkatunga madzi pachitsime chimodzi. Sindinena zambiri. Lowani, mayi, uthengawu ndi wanu."

Ndinalowa. Amuna asanu ndi awiri anali atakhala pansi, makasu ali pambali, palibe ngakhale wosuta fodya. Anandipatsa njira. Pafupi ndi mtumbira wa agogo, mbali ya kudambo, panali pamalo posalala pomera kaudzu, poti ngakhale inu mukanati palibe kanthu. Pakati pake panali bala limodzi la khasu, lakuya ngati chikhatho, dothi lofiira litatembenuzika.

Ndinagwada. Ndinabwezera dothilo ndi manja, ndinalisalaza, ndinabwezera ndi kaudzu komwe. Ndinafuna kunena zambiri koma sindinkadziwa kuti munthu wa masiku anayi umalankhula naye bwanji. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinkadziwa kuti ndine woyamba kubadwa ndiponso ndekha.

"Pepani, akulu anga," ndinatero. "Ndinatopa. Sindinayang'ane."

Misozi imene inakana dzulo lake inabwera pamenepo. A Binisoni anandisiya mpaka ndinamaliza, kenako anauza anzawo kuti anyamule makasu, akayeze kumapazi kwa agogo.

Amalume tinawaika masana a tsiku lomwelo, pamalo amene anafuna. Anthu atabalalika ndinakhala m'kachipinda kaja ndi laputopu. Ndinalemba fayilo ya amalume, sinavute. Kenako ndinatsegula ina n'kuitcha "Velina wamng'ono". Ndinalemba zimene ndinakumbukira m'kalata ija, zinakwana mizere inayi. Masamba atatu aja, zimene amayi anga ananena za mwana wawo, kaya ankafanana ndi yani, kaya anabadwa nthawi yanji, kaya anamuimbira nyimbo yanji, ndinazifafaniza ine ndi chala chimodzi, ndipo palibenso wamoyo amene akuzidziwa. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero, ndipo sindiyembekeza kuti zidzasiya.

Ndiye kachipewa kachikasu kamene mumakaona m'kabati yanga, kamene mumati ndikukonzekera mwana mobisa, ndi kameneko. Fulashi ija imagona mmenemo. Kuchokera nthawi imeneyo anthu a malume ndawasamutsa kawiri, laputopu ija itakalamba nayonso. Ndimatseka chitseko, ndimawauza kuti tiyeni, tikusamuka, asatsale wina. Kenako ndimayamba ndi akulu anga, okhaokha, ndimatsegula kuona kuti afikadi, mizere yawo inayi yonse. Ena 214 aja amabwera pambuyo.

Thirani makala ena, ine ndazizidwa.